Verona, Perugia, Lucca, Ravello kapena Melpignano: mupite kuti kukamva nyimbo ku Italy?

Ife tikamafunda mabulangete awiri mu Juni ndi Julayi, ku Italy kumakhala kukuwotcha, dzuwa likulowa cha m'ma 9 koloko usiku. Ndi nyengo imene matauni akale a kumeneko amatulutsira nyimbo panja: m'mabwalo amene anamanga Aroma, pakati pa tauni, m'minda ya maluwa ya anthu olemera akale, ngakhale kuseri kwa nyumba za ansembe zimene zinasiyidwa kalekale. Zikondwerero zake n'zosawerengeka, koma tchuthi chimakhala cha sabata imodzi kapena ziwiri, thumba nalo ndi limodzi.

Ndatengapo zisanu zosiyana kwambiri: opera ya ku Verona, jazi wa ku Perugia, oimba otchuka a ku Lucca, okestra ya pamwamba pa phiri ku Ravello, ndi gule wa mchezo wa ku Melpignano. Chimene ine ndinaphunzira mochedwa n'chakuti tikiti si imene imagamula nkhani. Ambiri timayamba ndi kufunsa kuti polowa ndi zingati, pamene funso lenileni ndi lakuti nyimbo zikatha 1 koloko usiku mukagona kuti, nanga mukafikako bwanji. Chikondwerero chaulere chikhoza kukudyerani ndalama zambiri kuposa cholipira mayuro 40.

Miyeso imene ndagwiritsa ntchito

Malo aliwonse ndawayesa pa zinthu zinayi. Choyamba ndi mtengo, wa tikiti ndi wa bedi lomwe. Chachiwiri ndi kapezekedwe: chikondwererocho chimachitika liti, matikiti amatha msanga kapena ayi, kumafika sitima kapena ayi. Chachitatu ndi za tsiku ndi tsiku, kutanthauza zimene muzitulutsa m'thumba ndiponso zimene thupi lanu lizipirira mukakhala kumeneko. Chachinayi ndi zimene zingasokonekere.

Pali ndalama zina zimene sizisintha kaya mwasankha kuti. Wa pasipoti ya Malawi kapena Zambia amafunika viza ya Schengen, yolowera maiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo Italy, ngakhale akhale ku Britain kapena ku Joni ndi mapepala ake onse. Kuyambira mu Juni 2024 viza imeneyi ndi mayuro 90 kwa munthu wamkulu, ndipo amafunanso inshuwalansi ya chipatala yofika mayuro 30,000. Mukhoza kupempha kutatsala miyezi 6, ndipo ndi bwino kutero, chifukwa nthawi ya chilimwe cha ku Ulaya mizere imatalika. Ofesi ya kazembe wa Italy imene imayang'anira Malawi ili ku Lusaka, choncho yambani mwafunsa komwe mukapereke zikalata musanagule tikiti ina iliyonse yosabweza ndalama. Ndege ya Ethiopian imakutengani ku Lilongwe kapena ku Blantyre, kudzera ku Addis Ababa, n'kukakutulani ku Roma kapena ku Milan. Ndi mmene ndalama zakunja zikusowera kwathu kuno, muonetsetsenso kuti khadi lanu la kubanki likagwira ntchito kunja, ndipo likalola ndalama zingati.

Kanthu kena kakang'ono: pamatikiti a sitima simudzaona Milan, Florence kapena Venice. Amalemba Milano, Firenze, Venezia. Ndipo tikiti yapepala ya sitima zoyenda m'madera iyenera kudindidwa pa kamakina ka pasiteshoni musanakwere. Mukaiwala, ndi chindapusa, ndipo mawu akuti ndine mlendo sapulumutsa.

Verona: opera m'bwalo la Aroma

Bwalo la Arena linamangidwa cha m'chaka cha 30, Colosseum ya ku Roma isanamangidwe. Kale anthu ankabwera kudzaonerera amuna akumenyana mpaka kuphana. Mu 1913 anaonetsamo Aida pokumbukira zaka 100 chibadwire Giuseppe Verdi, amene anaipeka, ndipo kuyambira pamenepo bwaloli linasanduka nyumba ya opera, sewero limene mawu onse amachita kuimba. Usiku umodzi mumalowa anthu oposa 10,000. Kukamada, okhala m'masitepe amayatsa timakandulo, bwalo lonse n'kungoti waliwali ngati ziphaniphani kudambo, kenako zii, okestra n'kuyamba. Ngakhale munthu wosakonda opera mphindi imeneyo imamugwira mtima.

Mtengo. Apa ndi pamene matikiti amasiyana kwambiri. Malo a pamasitepe amwala, kumwamba, amayambira cha m'ma mayuro 30 kapena 35, pamene mipando yofiira ya kutsogolo imafika cha m'ma 300. Bedi pafupi ndi Piazza Bra, pamene pali Arena, limakwera mtengo masiku a opera, makamaka Lachisanu ndi Loweruka, komabe Verona ndi mzinda waukulu ndithu, ndipo mukalolera kuyenda mphindi 20 kapena 30 mupeza chipinda cha mtengo wabwinoko.

Kapezekedwe. Pa zisanuzi palibe chosavuta kuposa ichi. Nyengo yake ndi yaitali, kuyambira Juni mpaka kumayambiriro kwa Seputembala, ndondomeko imatuluka kutatsala pafupifupi chaka, ndipo kupatula usiku wotsegulira ndi masiku a oimba otchuka kwambiri, malo a pamasitepe savuta kupeza. Mzindawu uli pa njanji yaikulu ya pakati pa Milan ndi Venice, ola limodzi ndi mphindi zochepa kuchokera mbali iliyonse mukakwera sitima yothamanga.

Za tsiku ndi tsiku. Mwala umene wakhala padzuwa tsiku lonse umakhala ngati chiwaya, ndipo mukhalapo maola oposa atatu popanda chotsamira. Katsamiro kokhalira amabwereketsa pomwepo, lipirani osawerengera. Mabotolo agalasi saloleza. Amene mwagula mipando ya pansi muvale bwino, kabudula sakondwera naye. Mawu a seweroli amawalemba pa zikwangwani zamagetsi m'Chitaliyana ndi m'Chingerezi, komabe werengani nkhani yake musanapite, chifukwa mukakhala kumwamba oimba amaoneka ngati nyerere. Masana zoona zilipo zambiri zongoyenda wapansi: msika wa Piazza delle Erbe, mlatho wa Castelvecchio pa mtsinje wa Adige, tchalitchi cha San Zeno. Nyumba imene amati ndi ya Juliet, wa m'sewero la Romeo ndi Juliet, ndi pikitipikiti wa anthu ojambula zithunzi, ine sindingakutumeni kumeneko.

Zimene zingasokonekere. Mvula. Oimba zing'wenyeng'wenye zamatabwa sangalole kuti zida zawo zinyowe, ndiye kadontho kakangogwa amaimirira n'kuthawa nazo. Akhoza kukudikiritsani maola oposa awiri kuti mwina ikata, ndipo sewero likayamba kenako n'kuimitsidwa, ndalama sabweza. China ndi nthawi. Amayamba cha m'ma 9 koloko, kutha pakati pa usiku patadutsa. Ine ulendo wanga woyamba ndinadziona wochenjera, ndinalipira chipinda chotchipa m'tauni ina ya pa njanji yomweyo, ndikuti ndibwerera usiku. Nditafika pasiteshoni sitima yomaliza inali itapita kalekale. Mtengo umene wa takisi ananditchulira unaposa tikiti ya opera ndi chipinda chija kuphatikiza pamodzi. Ndinachezera pabenchi, jekete lapaukwati lili m'thupi, mpaka sitima ya mbandakucha. Safunsa anadya phula. Mukasankha Verona, mugone mu Verona.

Perugia: masiku khumi a Umbria Jazz

Ndisabise, ichi ndiye chapamtima panga. Umbria Jazz inayamba mu 1973, ndipo imachitika masiku 10 mu Julayi. Dzina likunena jazi, koma pansanja yaikulu ya Arena Santa Giuliana padutsapo Prince mu 2011, Tony Bennett ndi Lady Gaga mu 2015, Bob Dylan mu 2023. Jazi weniweni, wa anthu omvetsera atatsinzina, amakhala m'nyumba ya zisudzo ya Teatro Morlacchi ndi m'chipinda china cha ku Galleria Nazionale dell'Umbria. Chimene chimasiyanitsa Perugia ndi malo enawa n'chakuti nyimbo sizikhala kuseri kwa geti kokha. Tauni yonse imakhala ikuimba. Gulu la malipenga la Funk Off limatsika mumsewu wa Corso Vannucci likuvina, ana ndi agogo akulitsatira pambuyo ngati mmene timatsatirira beni, mpaka pa kasupe wa Fontana Maggiore, amene anamalizidwa mu 1278.

Kwa Mmalawi palinso kena. Arkidayosizi ya Perugia ili pa ubale wa zaka zambiri ndi dayosizi ya Zomba, ndipo mumzindawu muli yunivesite yophunzitsa alendo Chitaliyana, kumene ansembe, masisitere ndi ophunzira ochokera mu Africa amadutsa. Mukanena kuti kwanu ndi ku Malawi, si onse amene amakuyang'anani modabwa.

Mtengo. Mukhoza kukhala masiku asanu osagula tikiti ngakhale imodzi. Ku Piazza IV Novembre ndi ku minda ya Giardini Carducci kumakhala nsanja zaulere kuyambira masana mpaka usiku kwambiri. Tikiti ya ku Arena imatengera woimba ndi mpando: ina ndi mayuro makumi angapo, ina imapitirira 100. Bedi la pakati pa tauni limadula masiku amenewa, koma Perugia ndi mzinda wa ophunzira, choncho zipinda zotsika mtengo ndi malo ogona achinyamata zilipo kwa wofulumira.

Kapezekedwe. Masiku 10 okha, ndiye tchuthi chanu chiyenera kugwera pomwepo. Mayina a oimba amatuluka pang'onopang'ono kuyambira kumapeto kwa chaka, ndipo a oimba akuluakulu amatha msanga. Kuchokera ku Roma ndi maola awiri ndi theka pasitima, kawirikawiri mosinthira ku Foligno. Siteshoni ili m'munsi mwa phiri. Pokwera kumtunda pali Minimetrò, timabogi topanda dalaivala timene tinayamba kuyenda mu 2008. Mbali ina ya phirilo kuli masitepe oyenda okha amene amadutsa mkati mwa Rocca Paolina, linga limene Papa Paulo Wachitatu anamanga pamwamba pa nyumba za anthu m'zaka za m'ma 1540. Mumadutsa m'misewu yakale imene inakwiriridwa, muli mdima ndi kaziziridwe, kenako mumangotulukira padzuwa pakati pa nyimbo.

Za tsiku ndi tsiku. Chakudya sichiboola m'thumba. Torta al testo, chibuledi chaphwatalala choikamo nyama kapena masamba, chimakhutitsa ndi mayuro ochepa. Khofi mumwere choimirira pakauntala, chifukwa mukakhala patebulo la panja mtengo umasintha, ndipo m'malesitilanti amawonjezera coperto, mayuro awiri kapena atatu pa munthu, ongolipirira kukhala. Madzi a m'mipope ya m'misewu ndi abwino kumwa. Miyendo ndiyo imalipira: paliponse ndi chitunda kapena masitepe. Ubwino wake, tauniyi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 500, ndiye usiku kumapita kamphepo. Tsiku limene makutu atopa, Assisi, kwawo kwa Fransisko Woyera, ndi ulendo wosakwana theka la ola pasitima.

Zimene zingasokonekere. Phokoso. Mukapeza chipinda choyang'ana pa Corso Vannucci musayembekeze tulo 2 koloko isanakwane. Loweruka usiku khwimbi la anthu limadzaza pabwalo moti foni ndi chikwama muzisunge kutsogolo. Amene mwabwereka galimoto, pakati pa tauni pali chikwangwani cha ZTL, malo oletsedwa kwa magalimoto a alendo. Kamera imangojambula nambala mwakachetechete, chindapusa n'kudzakupezani muli kwanu patapita miyezi. Zimenezi n'chimodzimodzi ku Verona, ku Lucca ndi ku Lecce.

Lucca: oimba a pawailesi mkati mwa linga

Lucca Summer Festival inayamba mu 1998, ndipo Bob Dylan anali m'gulu la oyamba kuimbako. Oimba ake ndi a nyimbo za pop ndi rock amene mumawamva pawailesi. Ambiri amaimbira pa Piazza Napoleone, koma akabwera okoka anthu ochuluka, monga Rolling Stones mu 2017, nsanja amaimanga pa kapinga wa kunja kwa linga. Lingalo ndi lalitali makilomita oposa 4, lotakata moti pamwamba pake pali msewu wa mitengo kumene anthu amapalasa njinga madzulo. Kuno ndi kwawonso kwa Giacomo Puccini, wopeka ma opera amene anabadwa mu 1858, ndipo pafupi pomwepo, ku Torre del Lago m'mbali mwa nyanja ya Massaciuccoli, amaonetsa ma opera ake panja mu Julayi ndi Ogasiti.

Mtengo. Musayembekeze zaulere. Woimba wotchuka aliyense ali ndi tikiti yakeyake, ndipo ngakhale ya choimirira kawirikawiri imapitirira mayuro 50. Kunena zoona, apa mukugula woimba, tauniyo ndi basera.

Kapezekedwe. Kumapeto kwa Juni ndi mwezi wa Julayi, koma osati usiku uliwonse. Matikiti amatuluka kutatsala miyezi yambiri ndipo a oimba otchuka amatha m'masiku ochepa. Vuto lake ndi lakuti mumafunika kugula tikiti viza isanatuluke. Kufikako n'kosavuta: theka la ola pasitima kuchokera ku Pisa, kumene kuli bwalo la ndege, ndi ola limodzi ndi theka kuchokera ku Florence. Siteshoni ili kunja kwa linga penipeni.

Za tsiku ndi tsiku. Pa matauni onse asanu, iyi ndiyo yachifundo pa mawondo. Ndi yathyathyathya, magalimoto ndi ochepa, njinga amabwereketsa pa ola. Mukafuna kukwera, kwerani nsanja ya Torre Guinigi, imene pamwamba pake pali mitengo yamoyo. Kutentha kokha ndiye kulipo, poti ndi kuchigwa, ndipo mukafuna malo a kutsogolo mudzaima pamzere dzuwa lili paliwombo.

Zimene zingasokonekere. Kuyambira 2019 lamulo la Italy limafuna kuti pa zoimbaimba zamtundu uwu, zolowa anthu oposa 5,000, tikiti ikhale ndi dzina la mwini wake, ndipo pageti akhoza kufunsa chiphaso. Choncho tikiti yogula kwa munthu pa intaneti ikhoza kukusiyani panja. Gulani kwa ogulitsa ovomerezeka, monga TicketOne, ndipo dzina likhale lofanana ndi la m'pasipoti. Chinanso, ulendo wonse mwaumanga pa munthu mmodzi. Akadwala pakhosi, ya tikiti adzakubwezerani, ya ndege ayi. Ku Torre del Lago kuli udzudzu wa kunyanja. Malungo ulibe, koma kuluma umaluma ngati wa ku Nkhotakota.

Ravello: okestra pamwamba pa nyanja

Mu 1880 Richard Wagner anafika m'munda wa maluwa wa Villa Rufolo n'kuona kuti ndi munda umene ankaufuna wa opera yake ya Parsifal. Chikondwerero cha Ravello, chimene chinayamba mu 1953, chinamera pa nkhani imeneyo. Nsanja amaimanga motulukira kunja kwa phompho, moti kumbuyo kwa oimba kumangooneka thambo ndi nyanja ili pansi, mamita oposa 300. Mu Ogasiti pamakhala konsati ya mbandakucha, imene imayamba kukadali mdima n'kutha dzuwa litatuluka kuseri kwa mapiri.

Mtengo. Tikiti payokha si yoopsa poyerekeza ndi mipando yabwino ya ku Verona. Choopsa ndi bedi. Gombe la Amalfi ndi limodzi mwa malo odula kwambiri mu Italy yense, ndipo Ravello ndi kamudzi kakang'ono kodzaza ndi mahotela a anthu olemera ndi maukwati a alendo.

Kapezekedwe. Julayi ndi Ogasiti, pamasiku osankhidwa. Mipando ndi mazana ochepa, ndipo ya konsati ya mbandakucha imatha nthawi yomweyo. Sitima kulibe. Mumatsikira ku Salerno, kukwera boti kapena basi mpaka ku Amalfi, kenako basi ina yokwera phiri kwa theka la ola.

Za tsiku ndi tsiku. Chilichonse, kuyambira botolo la madzi, chili pa mtengo wa alendo. Otsika pansi ndi miyendo kupita ku Minori kapena ku Atrani amawerenga masitepe oposa 1,000. Zoona zake ndi Villa Rufolo yomweyo, khonde la Villa Cimbrone ndi tchalitchi chachikulu, zimene tsiku limodzi mumaliza.

Zimene zingasokonekere. Nzeru yogona kotchipa ku Salerno imagwa pa funso lija la usiku: maboti sayenda mdima ukagwa, mabasi amachepa, ndipo takisi ya pamsewu umenewu imadya zonse zimene munapulumutsa. Msewuwo ndi wopapatiza komanso wokhotakhota kuposa wa ku Golomoti, ndiye amene mumachita nseru m'basi mudziwiretu. Nyengo ikaipa akhoza kusamutsira konsati m'holo ya Oscar Niemeyer, imene inatsegulidwa mu 2010. Nyimbo mumva ndithu, koma chimene munalipirira ndi nyanja ija.

Melpignano: La Notte della Taranta

Kumusi kwenikweni kwa Italy, ku chidendene cha nsapato ija ya pamapu, kuli dera la Salento. Kale kumeneko mayi akadwala matenda osadziwika, ankati walumidwa ndi kangaude wotchedwa taranta, ndipo mankhwala ake anali ng'oma. Oimba ankabwera panyumba ndi tamburello, kang'oma kam'manja ka tizitsulo tolira, n'kuimba mpaka wodwalayo atavina n'kugwa. Amene munaonapo vimbuza ku Rumphi kapena ku Mzimba simungadabwe nazo. Mwambo wochiritsawo unatha, koma gule wake, pizzica, anatsala, ndipo kuyambira 1998 ali ndi chikondwerero chake. M'mwezi wa Ogasiti chimayendayenda m'midzi ya Salento, n'kukathera ku Melpignano, mudzi wa anthu pafupifupi 2,000, Loweruka lina chakumapeto kwa mwezi. Usiku umenewo pabwalo la nyumba yakale ya ansembe a Agostino pamasonkhana anthu oposa 100,000. Chaka chilichonse amaitana katswiri wina kuti atsogolere okestra: Stewart Copeland anatsogolerapo mu 2003, Ludovico Einaudi mu 2010 ndi 2011.

Koma kukoma kwenikweni ine ndinakuona m'midzi ing'onoing'ono, usiku waukulu usanafike. Nsanja ikatseka, anthu amapanga bwalo lawolawo, amuna asanu kapena asanu ndi mmodzi ali ndi timang'oma, khungu la ng'oma lina lili ndi madontho a magazi a chala. Ndinaona agogo ena aakazi, nsapato atavula, kampango kofiira kali m'manja, akuzungulira kamnyamata koti n'kukhala mdzukulu wawo, osakhudzana ngakhale pang'ono, mapazi okha ali pya pya pya pamiyala. Palibe anali kuwajambula.

Mtengo. Ulere, usiku waukulu ndi ya m'midzi yomwe. Koma Ogasiti ndi mwezi umene Ataliyana onse amapita kunyanja, makamaka masiku ozungulira tchuthi cha Ferragosto, pa 15, ndipo Salento ndi kumene amakhamukira. Zipinda zimakwera mtengo, eni nyumba ena safuna wa masiku awiri, amafuna wa sabata.

Kapezekedwe. Tikiti simufunika, koma ndi kutali: maola oposa asanu pasitima kuchokera ku Roma kufika ku Lecce, kapena ndege ya ku Brindisi. Melpignano ili makilomita pafupifupi 30 kumwera kwa Lecce. Usiku waukulu amaika mabasi ndi sitima zapadera, koma kuti mutsatire chikondwerero m'midzi pamafunika galimoto, chifukwa timasitima ta m'derali timayenda mwa apo ndi apo ndipo usiku timagona.

Za tsiku ndi tsiku. Chakudya n'chotchipa kuposa kumpoto: kakeke ka pasticciotto m'mawa, kachitumbuwa ka tchizi ka rustico masana, mwakhuta. Masana kumatentha moti masitolo amatseka mpaka cha m'ma 5 koloko, moyo umayamba madzulo. Lecce, ndi matchalitchi ake osemedwa pa mwala wofewa wachikasu, ndi malo abwino okhazikikapo. Otranto ndi Gallipoli zili pafupi mukafuna kusambira.

Zimene zingasokonekere. Khamulo si lamasewera. Mudzaima maola 6 kapena 7, fumbi lili koboo, zimbudzi zili kutali, ndipo mwina nsanja mudzangoionera pa sikirini. Pobwerera misewu imatsekeka mpaka m'mawa. Ambiri a m'deralo amapita dzulo lake, pa usiku woyeserera komaliza, pamene nyimbo ndi zomwezo koma anthu ndi ocheperapo.

Ziwiri zimene ndazidumpha

Spoleto ili ndi Festival dei Due Mondi, imene Gian Carlo Menotti anayambitsa mu 1958, yosakaniza opera, zisudzo ndi magule kumapeto kwa Juni mpaka pakati pa Julayi. Ili m'dera la Umbria lomwelo, ndiye imatheka kuiphatikiza ndi Perugia pa ulendo umodzi. Pesaro ili ndi chikondwerero cha ma opera a Rossini mu Ogasiti kuyambira 1980, m'mphepete mwa nyanja, koma ndi cha anthu amene opera inawalowa kale m'magazi.

Ndani apite kuti

Ngati ndi ulendo wanu woyamba ndipo simukudziwa tsiku limene viza idzatuluke, pitani ku Verona. Nyengo ndi ya miyezi itatu, tikiti ya pamasitepe mukhoza kugula pasipoti ili m'manja. Mugone masiku awiri kapena atatu kuti mvula ikakulandani usiku woyamba mukhale ndi wina.

Ngati ndalama ndi zowerengeka koma masiku muli nawo, kapena mukuyenda nokha, kapena ndinu woimba wofuna kumva zambiri, Perugia. Lipirani bedi lotheka kubweza ndalama mu Janyuwale kapena Febuluwale, mugule tikiti imodzi ya ku Arena Santa Giuliana, zotsalazo mudye zaulere.

Ngati pali woimba mmodzi amene mwakhala mukumulakalaka, kapena mukuyenda ndi makolo kapena ana amene sangalimbane ndi zitunda, Lucca. Imayenereranso kwambiri a ku Britain amene ali kale ndi viza yolowera kangapo, popeza Pisa ndi ulendo wa maola awiri okha pandege.

Ngati ndi chikumbutso cha ukwati ndipo mwakonzeka kulipira chipinda cha mu Ravello mwenimweni kapena ku Scala, mudzi woyang'anizana nawo, pitani usiku umodzi kapena uwiri. Ngati ndalama ya chipindacho palibe, kaoneni Villa Rufolo masana n'kubwerera ndi boti, nyimbo mukamvere kwina.

Ngati muli gulu la anayi kapena asanu, mmodzi ali ndi laisensi yovomerezeka kunja, ndipo kwanu gule ndi wovina osati woonerera, Salento. Gawanani mtengo wa nyumba ndi galimoto, muyende m'midzi masiku angapo, usiku waukulu mudzaone pomwepo ngati miyendo ikulola. Ana aang'ono ndi odwala mtima asapite ku khamu la Loweruka.

Ndipo amene tchuthi chanu chimabwera mu Disembala basi, Umbria Jazz ili ndi mng'ono wake wa nyengo yozizira ku Orvieto, kuyambira 1993, masiku omaliza a chaka mpaka kulowa m'chaka chatsopano. Ndi ola limodzi ndi pang'ono kuchokera ku Roma, zambiri zimachitikira m'nyumba, ndipo pa tsiku la chaka chatsopano kwaya ya gospel imaimba pa Misa m'tchalitchi chachikulu chimene anayamba kumanga mu 1290. Mutenge chijasi chenicheni, juzi ya ku Dedza siikwanira.